Kanthu kakang'ono kamene kamaimitsa oda yonse: amisiri athu ndi vuto la kusowa kwa zipangizo

Ntchito ya oda ndi yosiyana kwambiri ndi yopanga zinthu zokayala pa msika. Amene amakhoma mbaula ndi ndowa nkumakagulitsa pa Limbuli, malata amene amawafuna akasowa amangosintha, apanga zing'onozing'ono kapena apanga zina, wogula adzatenga zimene wazipeza. Koma wowotcherera wa pa Chitakale amene walandira oda ya geti lokankha la mamita anayi, kalipentala wa ku Bvumbwe amene wayeza khoma la kukhitchini kwa munthu kuti akhomemo makabati, telala wa pa Luchenza amene watenga mayunifolomu a kwaya pa nsalu imene amayi anasankha okha, awa alibe kothawira. Chinthucho chili ndi mwini wake kale, muyezo wake, mtundu wake, tsiku lake, mtengo munagwirizana kale ndipo dipoziti munalandira. Chikasowa chimodzi chokha mwa zofunikazo simungagulitse geti lopanda mawilo kwa munthu wina, lingokhala pa shopu pompo likuchita dzimbiri, mwini wake akuimba foni mmawa ndi madzulo.

Makampani akuluakulu a kunja ali ndi anthu olembedwa ntchito kuti azingoganizira zimenezi basi, kuti chakuti chikasowa titani. Ife kuno timangoti "bwana katundu sakupezeka mtauni", kasitomala nkukwiya, dzina la mmisiri nkuipa mudzi wonse. Zimandiwawa chifukwa amisiri ambiri amene amatchedwa akuba si akuba, ndi anthu aluso amene sanawerengere bwino njira imene zipangizo zawo zimadutsa. Ndipo zambiri zimene akuluakuluwo amachita sizifuna kompyuta, zimafuna kope, bolopeni ndi kufunsa mafunso oyenera.

Tiyeni titenge geti lomwelo tilitsate chammbuyo. Ma tubu mwagula pa hadiweya ya pa boma, a hadiweya anakapikula ku Limbe kapena ku Makata. Koma kuno ku Malawi tilibe fakitale yaikulu yopanga chitsulo kuchokera ku miyala, ndiye olo malata ndi ma tubu ena apindidwe ku Blantyre, mpukutu wachitsulowo umachokera kunja, ku South Africa, India kapena China. Wa pa sitima umatsikira pa doko la Beira, Nacala, Durban kapena Dar es Salaam. Wochokera ku Beira umakwera thiraki kudzera ku Tete nkudzalowa pa chipata cha Mwanza. Wochokera ku Durban ndi Johannesburg umadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kenako Tete yomweyo, Mwanza yomweyo. Mwaona pamenepo? Njira ziwiri zimene timaziyesa zosiyana zimakumana malo amodzi, Tete ikatsekeka zonse ziwiri zaima. Ya ku Nacala ndiyo yosiyanako, sitima ya pamtunda imalowera pa Nayuchi kudzera Liwonde. Ndipo zonsezi zisanayambe nkuyenda komwe, woitanitsa katunduyo ayambe wapeza madola ku banki. Tsono ma rodi owotcherera ali ndi ulendo wawo, ma disiki a giraindala wawo, mahinji, maloko, mawilo a pa njanji, thinasi, chilichonse ulendo wake. Geti limodzi ndi maulendo khumi, ndipo onse ayenera kufika.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti maulendowa amaduka malo ambiri. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anasakaza Beira. Mu 2020 Covid inatseka zipata, mitengo yotumizira makontena nkudzakwera pambuyo pake, ndipo mu Malichi 2021 chisitima chija cha Ever Given chinatseka ngalande ya Suez masiku 6. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 nkuchoka pa magetsi a dziko lino mpaka 2023, amene amawotcherera akukumbuka mmene ankagonera pa shopu kudikira magetsi a pakati pa usiku. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinaimitsa mathiraki pa misewu ya kumadoko, mizere ya mafuta kuno nkutalika. Ndiye pali Freddy, Malichi 2023, amene sitikufunika kuuzana. Tinataya abale ambiri, nkhani ya zitsulo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi maliro amene aja. Koma pali chimene mmisiri ayenera kuchiona pamenepo: milatho itagumuka, madera ngati Muloza ndi Nkhulambe osafikika, ndi nthawi yomweyo imene anthu ankafuna zitseko, mafelemu a mawindo, denga latsopano. Ngozi yomwe imadula njira ya zipangizo ndi yomwenso imachulukitsa maoda.

Ndiye wina anena kuti yankho ndi losavuta, ingogulani katundu wambiri musunge. Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mmisiri wa oda sangasunge zonse chifukwa sadziwa kuti kasitomala wa mawa adzafuna chiyani, komanso mpamba wake ndi wochepa. Funso si lakuti ndisunge zochuluka bwanji, funso ndi lakuti mwa zinthu zonse zimene ndimagwiritsa ntchito, ndi chiti chimene chikasowa ntchito yonse imaima ndipo palibe cholowa mmalo mwake.

Pulofesa wina wa ku yunivesite ya MIT ku America, David Simchi-Levi, anagwira ntchito ndi kampani ya magalimoto ya Ford pa funso lomweli, ndipo njira yake ndi yoti aliyense atha kuitengera. Pa chipangizo chilichonse mumafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, lero atasiya kundigulitsa chimenechi, ndingapitirize ntchito masiku angati ndi zimene ndili nazo? Chachiwiri, chikasowa chimatenga masiku angati kuti ndichipezenso, kaya kwa yemweyo kaya kwa wina? Ngati masiku oyambawo ndi ochuluka kuposa achiwiriwo, gonani tulo. Ngati ndi ochepa, pamenepo ndi pamene pali dzenje. Chimene anapeza ku Ford nchakuti ngozi yaikulu sinali pa zipangizo zodula zimene mabwana ankaziyang'anira tsiku ndi tsiku, inali pa tizinthu totchipa timene palibe ankatilabadira. Ndi ngati mchere, pa bajeti ya pakhomo ndi wotchipa kuposa zonse koma usowe muone ngati nyama ya ndalama zambiri ija idyeke.

Yesani kuchita zimenezi pa shopu yanu madzulo amodzi. Mupeza kuti ma tubu a mamilimita 25 ndi a 40 si vuto lalikulu, akasowa pa boma ku Limbe aliko, akasowa a kampani iyi a kampani ina alowa. Koma mawilo a geti lokankha a saizi yogwirizana ndi njanji imene mwawotcherera kale pansi, mahinji obisika a makabati amene munaboolera kale mabowo, njanji za madirowa za muyezo umodzi, zipi za mtundu wa nsalu ija, singano za makina a ovaloko, mabulashi a giraindala yanu, izi ndi zimene zimasowa mwezi wathunthu chifukwa amaitanitsa ndi munthu mmodzi kapena awiri mu Blantyre monse, kontena yake ikachedwa basi. Ndipo zonsezi zimakwana mu katoni imodzi pansi pa benchi. Zoyenera kusunga ndi zimenezo, zazing'ono, zotchipa, zosaonongeka msanga, zopanda cholowa mmalo.

Kusungako nako kuli ndi nzeru zake makamaka kuno kwathu kumene chinyezi sichichoka. Ma rodi amayamwa chinyezi, nthawi ya chiperoni mukawasiya pa shelefu osatseka mudzaona akuthetheka, akukakamira, chowotchereracho chikutuluka ndi timabowo. A 6013 amene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku amapirirako, koma a 7018 a ntchito zolemera ndiye safuna chinyezi nkomwe. Ndinaona pa shopu ina ku Thyolo mkulu wina anatenga filiji yakufa nkuikamo babu, ma rodi onse amakhala mmenemo, ouma bwinobwino chaka chonse, ndipo pa chitseko cha filijiyo anamata pepala lolemba mapaketi amene atsala, mnyamata akatenga paketi amachonga. Ma tubu asagone pansi, akhale pa thandala, apakeni oyilo wakutha. Penti ndi guluu musaunjike, zimauma ndi kuonongeka mu chitini momwemo, ndalama zanu nkupita. Chokhacho chimene chimakoma chikakhalitsa ndi matabwa. Paini wa ku Chikangawa kapena bulugamu wa mmaesiteti mukamugula nthawi ya dzuwa nkumusanja pa mthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, pofika Januwale muli ndi matabwa ouma pamene anzanu akukhoma zitseko ndi aawisi zimene zidzapindike pakatha miyezi iwiri. Za mkungudza wa mphiri la Mulanje tisakambe nkomwe, unatha ndi kudula kosaloledwa, kasitomala akaumirira muuzeni zoona, musalonjeze chinthu chimene njira yake yopezera ndi yokakumangitsani.

Tsono nkhani ya kogula. Ambiri amati ine ndili ndi masapulaya atatu, koma mukafufuza atatu onsewo amapikula kwa munthu mmodzi. Mashopu atatu oyandikana mu Limbe si magwero atatu. Funsani ndithu, mwaulemu, "achimwene, ma wilo amenewa mumatenga kwa ndani, amabwera kudzera kuti?" Wachiwiri weniweni ndi amene katundu wake amadutsa msewu wina, doko lina, mwinanso ndalama ina. Apa ife a ku Mulanje tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe, tauni ya Milange ya ku Mozambique ili pakhomo. Katundu wa mmashopu a ku Milange amabwera kudzera ku Mocuba, mbali ya Quelimane ndi Nampula, ndipo mumalipira ma metical, ndiye tsiku limene Mwanza yatsekeka sikuti nako kwauma. Koma dutsani pa chipata cha Muloza, lipirani za MRA, risiti musunge. Zowolotsa pa mtsinje usiku zija mukalandidwa mwataya dipoziti ya munthu ndipo mulibe pokadandaula. Dziwaninso kuti njira imeneyi nayo imaduka, Freddy anaidula, zipolowe za 2024 zinaigwedezanso, ndiye ndi yothandizira, si yodalira yokha.

Ndipo sapulaya wachiwiriyo musamukumbukire tsiku la mavuto lokha. Katundu akachepa, wa shopu amayamba wasungira amene amamugula nthawi zonse ndi amene amabweza ngongole pa tsiku lake. Mlendo wobwera ndi nkhope yachisoni amauzidwa kuti zatha pamene makatoni ali kuseri. Muzimugulako zina ndi zina mwezi ndi mwezi olo mtengo wake ukhale wokwererako pang'ono, kusiyana kwa mtengoko ndi malipiro a chitetezo chanu.

Ubale umenewu umabweretsanso chinthu china chodula kuposa katundu, kumva msanga. Mu Malichi 2000 mphenzi inayambitsa moto pa fakitale ya Philips ku Albuquerque ku America, imene inkapanga tizipangizo ta mkati mwa mafoni a Nokia ndi Ericsson. Motowo unazimitsidwa mu mphindi zochepa ndipo makampani onse awiri anauzidwa kuti pakatha sabata zinthu zikhala bwino. A Nokia sanakhale pansi, anayamba kufunsa tsiku ndi tsiku, anaona kuti vutolo ndi lalikulu, anathamangira kukagwira malo mmafakitale ena nkusinthanso kapangidwe ka mafoni ena kuti alandire tizipangizo ta makampani ena. A Ericsson anadikira. Pamene ankadzidzimuka kogula kunali kutatengedwa kale, analuza ndalama zankhaninkhani, ndipo mu 2001 bizinesi yawo ya mafoni anaiphatikiza ndi Sony. Moto unali umodzi, sapulaya mmodzi, kusiyana kunali pa amene anadzuka msanga. Kwa ife kumva msanga ndi nambala ya mnyamata wa pa kauntala ku Limbe amene angakulembereni pa WhatsApp kuti ma disiki atsala makatoni awiri, ndi dalaivala wa thiraki amene akudziwa mmene ku Tete kulili, ndi kumvera wailesi a zanyengo akalengeza namondwe. Amalengeza masiku angapo asanafike, masiku amenewo ndi okwana kukatenga zimene zikusowa pa maoda amene muli nawo mmanja.

Koma chimene chimagwetsa amisiri ambiri kuposa namondwe ndi ndalama, ndiye apa ndichedwapo. Tiyerekeze mwapereka kotesheni lero, zipangizo zochokera kunja za K100,000. Kasitomala wapereka theka, mwati zina ndidzagula akamaliza kulipira. Pakati apo kwacha yagwa ngati mmene inagwera mu Novembala 2023, zipangizo zomwezo pa masamu a dola zafika pa K144,000, ndipo tonse tikudziwa kuti mashopu satsatira mtengo wa dola wa ku banki okha, amayang'ananso wa pa msika wakuda, komanso ena amangotseka kaye kudikira kuti aone mitengo ikhazikika pati. K44,000 imeneyo ichokera kuti? Ichokera pa phindu lanu lonse ndi thukuta lanu, kapena muyamba kuchita chija chimene chimapha mashopu, kutenga dipoziti ya a Mayi awa kumalizira ntchito ya a Bambo aja, kenako kudikira wachitatu kuti mumalizire ya a Mayiwa. Zimayenda bwino maoda akamabwera, koma mwezi umodzi wokha wopanda oda yatsopano zonse zimagwera pamutu panu.

Njira yake ndi kulekanitsa zinthu pa pepala. Kotesheni ikhale ndi mbali ziwiri, zipangizo pa zokha, ntchito ya manja pa yokha. Mulembe kuti mtengo wa zipangizo ukugwira masiku 7 okha, akadutsa tiwerengeranso. Dipoziti isakhale "theka" mwachizolowezi, ikhale ndalama yokwanira kugula zipangizo zonse, ndipo mugule tsiku lomwelo kapena mawa lake, kuyambira ndi tosowa tija, osati ma tubu. Jambulani marisiti ndi katunduyo mumutumizire mwini wake, lembani dzina lake ndi choko pa mtolowo. Mukatero kwacha igwe isagwe, geti lake lili kale mu shopu mwanu mwa zidutswa, chatsala ndi manja anu basi. Makasitomala ena amakana, amaopa kudyeredwa ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Oterowo pitani nawo limodzi ku hadiweya alipire okha pa Airtel Money kapena Mpamba, inu mungonyamula. Bola zimenezo kusiyana ndi kukangana pa khoti la a mfumu.

Chinanso chimene anthu sachiganizira nchakuti chitetezo chimayambira pa kapangidwe ka chinthucho. Tsiku lolandira oda ndi tsiku lokambirana kuti chakuti chikasowa tiike chiyani. "Bambo, loko mwasankhayi ikapanda kupezeka, iyi mungailole? Penti uyu akasowa, wachiwiri wanu ndi uti?" Mulembe pa kotesheni pomwepo. Kukambirana zimenezi munthu ali wosangalala ndi kosavuta, kukambirana patatha milungu itatu mwachedwa kale ndi ndewu. Chimene sindigwirizana nacho mpang'ono pomwe ndi kusintha mobisa, munagwirizana tubu yokhuthala mamilimita 1.6 inu nkuika ya 1.2 nkupaka penti kuti asaone. Geti limenelo lidzalendewera pakatha chaka ndipo aliyense wodutsa adzafunsa kuti anapanga ndani.

Amisiri ochenjera amapanganso chinthu china, kunja chilichonse ndi cha mwini wake koma mkati ndi chimodzimodzi. Makabati khumi a nyumba khumi atha kusiyana zitseko, mtundu ndi zogwirira, koma mahinji ndi amodzi, njanji za madirowa za miyezo iwiri yokha, masikulu amodzi. Mukatero katoni yanu ya pansi pa benchi ija imatumikira maoda onse, ndipo zotsala pa ntchito iyi zimalowa pa inayo. Musaboole kapena kuwotcherera malo a chinthu chimene simunachigwire mmanja, yambani mbali zimene sizidalira chosowacho. Kwa atelala, nsalu ya yunifolomu gulani yonse kamodzi ndi mamita ena apamwamba, chifukwa mpukutu wobwera ulendo wina olo dzina likhale lomwelo mtundu umasiyanako, ndipo kwaya iliyonse pakatha miyezi itatu imabwera ndi mamembala atsopano awiri ofuna zofanana ndi anzawo.

Nkhani ina imene ndimaikonda ndi ya ku Japan. Pa 1 Febuluwale 1997 fakitale ya Aisin inapsa, ndipo ndi yomwe inkapanga kavalavu kena kakang'ono ka mabuleki ka pafupifupi magalimoto onse a Toyota. Toyota inaimitsa mafakitale ake. Chimene Aisin anachita ndi kutulutsa zojambula ndi miyezo ya kavalavuko nkugawira makampani ena ambirimbiri, mpaka kampani ya Brother ya makina osokera ija inapanga nawo, ndipo pasanathe masabata awiri magalimoto anayambanso kutuluka. Chinawapulumutsa si stoko, stoko analibe, chinali chakuti miyezo inalembedwa bwino ndipo panali anzawo okonzeka kuthandiza. Kuno miyezo yambiri imakhala mmutu mwa mmisiri mmodzi. Akadwala, kapena makina ake akapsa, palibe angapitirize. Kope la maoda lokhala ndi chojambula, miyezo, mtundu wa zipangizo ndi kumene munagula limatheketsa kuti mnzanu wa pa Nkando kapena pa Goliati akudulireni kapena akuwotcherereni mbali ina inu mukavutika. Inde ndi wopikisana naye, koma mawa avutika ndi iye.

Mafakitale a tiyi atizungulirawa amadziwa bwino nkhani imeneyi chifukwa tsamba likathyoledwa silidikira, liyenera kulowa mu fakitale tsiku lomwelo, ndipo tiyi wambiri amathyoledwa nthawi ya mvula, Disembala mpaka Epulo, nthawi yomwenso misewu imavuta. Nchifukwa chake kukonza makina kwakukulu amachita miyezi imene masamba achepa. A zigayo atengerepo phunziro, ndi amisiri amene amawasulira mahamala ndi kuwakonzera mashafiti. Beringi iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambala imeneyo ndi imodzi dziko lonse lapansi kaya apanga ndi kampani iti, 6205 ndi 6205 basi. Lembani manambala a ma beringi ndi malamba a makina anu onse pa khoma lero, zisanaphwanyike nambala nkufufutika, kuti tsiku la vuto mungotumiza meseji ku Limbe ibwere pa minibasi, osati kunyamula chigoba chakuphwanyika kuyenda nacho shopu ndi shopu.

Magetsi nawo ndi chipangizo, tiziwawerengera ngati ma rodi. Jenereta imathandiza koma kumbukirani kuti madola akasowa mafuta amasowanso, ndiye mavuto awiriwa amakonda kubwera limodzi. Makina owotcherera ang'onoang'ono a inveta aja amadya magetsi ochepa kusiyana ndi zimathiransifoma zakale ndipo jenereta yapakatikati imawakwanitsa. Ntchito muziigawa, kuyeza, kudula ndi sowo, kupala ndi kupenta nthawi imene azima, kuwotcherera konse nthawi imene ayaka. Dziwani mnzanu amene ali pa laini ina ya ESCOM, kapena wa kumtunda ku Bondo kumene kuli magetsi a MEGA ochokera pa mtsinje wa Lichenya. Atelala, makina opalasa aja musagulitse mukagula a magetsi.

Zonsezi zimadya ndalama, tisanamizane. Katoni ya mahinji imene yagona miyezi inayi ndi ndalama imene simunagulire ufa. Ndipo kukongola ku banki mkhonde kuti muunjike katundu sindingakulangizeni, chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi chidzadya zonse zimene mumati mukupulumutsa. Chotheka ndi kupatula kachigawo kakang'ono pa oda iliyonse imene yatha bwino nkugula chimodzi mwa tosowa tija, pang'onopang'ono katoni imadzaza. Chinanso ndi kuphatikizana, amisiri asanu a pa malo amodzi kusonkha oda imodzi, lole imodzi kudzera msewu wa Midima mmalo mwa maulendo asanu a pa minibasi ndi mitolo pa denga, mtengo wa holoselo mmalo mwa wa chimodzichimodzi. Pamafunika kulemba chilichonse, wapereka zingati, watenga zingati, chifukwa magulu otere amaphwasuka pa paketi imodzi ya ma rodi imene palibe akukumbuka anatenga ndani. Nthawi yabwino yogulira limodzi ndi Seputembala ndi Okutobala, misewu ili youma, matabwa akuuma, mvula ndi anamondwe a Januwale mpaka Malichi asanafike.

Ndipo zikavutabe, chifukwa nthawi zina zivuta ndithu olo mukonzeke bwanji, imbani foni ndinu, tsiku lomwe mwadziwa, osadikira kuti mwini wake abwere adzapeze shopu yotseka. Muuzeni chimene chasowa, chimene mwamaliza, njira ziwiri zimene zilipo ndi tsiku latsopano limene mukutsimikiza, osati "mawa" wa masiku onse uja. Anthu ambiri amapirira kuchedwa, chimene sapirira ndi kuzimitsiridwa foni.

Inunso makasitomala muli ndi mbali yanu. Mukasintha mtundu wa penti kapena saizi ya windo ntchito ili pakati, mwabweza mmisiri ku Limbe kachiwiri pa mitengo yatsopano, ndiye musadabwe akawonjezera. Ndalama ya zipangizo perekani yonse poyamba, ya manja ndi imene mungagwire mpaka ntchito ithe. Ndipo ngati geti, makabati kapena mayunifolomu mukuwafuna pa Khirisimasi kapena pa ukwati wa mu Disembala, oda yake ndi ya mu Seputembala, chifukwa pofika Novembala aliyense amakhala akufuna zomwezo kwa amisiri omwewo, mathiraki adzaza ndi fetereza ndipo mvula yayamba.